Kanyongolotsi ka Dzanja la Malume

Thirakitala yodzanyamula katundu wa a Mackson inali itauzidwa kale. A Hudson, mkulu wa alonda pa esiteti ya tiyi, ananena zimenezi ali khale pakhonde la ofesi, akusenda chinanazi ndi mpeni wa m'thumba, ngati munthu amene akukamba za mvula.

"Lamulo lathu ndi limodzi, achemwali. Mlonda akamveka dzina pa nkhani ya kuba, nyumba ya kampani amatulukamo. Amene munamutchula ndinu. Munaika nkhope yake pa foni, Mulanje yense waona, abwana aakulu aonanso. Lero mukufuna chiyani china?"

"Ndikufuna abweze chimene anatenga," anayankha Jenifer.

"Akukana. M'nyumba mwake tafufuza, tapezamo makaka ndi ana basi. Lachisanu dzuwa likapendeka, thirakitala ikamutula pa malire a Muloza, awoloke azipita kwawo. Kachidole kanuko mukagule kena."

"Si kachidole."

"Nanga n'chiyani?"

Jenifer akanayankha mmene mtima unkafunira, akanatuluka pageti atagwidwa pakhosi.

Jenifer Namathanga ankakonza mafoni pa kashedi ka malata pafupi ndi siteji ya maminibasi pa Chitakale. Palibe anamuphunzitsa. Anaphunzira mwa kuwononga mafoni a eni ndi kutukwanidwa. Iye ndi mng'ono wake Cathy analeredwa ndi amalume awo, a Bizwick, m'nyumba ya kampani, mayi awo atamwalira. A Bizwick ndi amene makina odula masamba m'fakitale anawadya zala za kumanja n'kuwasiyira chachikulu chokha. Kampani inawapatsa tsache kuti azisesa pa ofesi, anthu n'kumati kampaniyi ili ndi chifundo. Mawu amenewo Jenifer ankawamva ngati tsabola m'maso.

Ndiye anawapangira dzanja. Analipanga ndi tinjerwa ta pulasitiki tolumikizana, tija ana a anthu olemera amamangira tinyumba, timene timafika kuno titasakanikirana ndi zidole zothyoka miyendo m'mabelo a kaunjika. Tofiira, tachikasu, tobiriwira, poti wotolera sasankha mtundu. Mtima wa dzanjalo unali kachinthu kamodzi kotuwa, kopotana ngati mazinga a bawuti, kotalika ngati nsonga ya chala. Jenifer ankakatcha kanyongolotsi. Ukapotoza kagudumu ka pambali, kanyongolotsi kankakoka zala kuti zifumbate, ndipo zikafumbata sizinkamasuka zokha ngakhale zitanyamula kapu yodzaza. Anakasaka m'mabeseni a ogulitsa zidole mpaka ogulitsawo kumuloweza nkhope, ndipo anapeza kamodzi kokha. Tsiku lina anakagunda mwangozi ndi chitsulo chake chowotcherera mawaya, kanatsala ndi chipsera chakuda kumapeto.

Dzanja litagwira ntchito, anawajambula amalume akukweza kapu ya tiyi, n'kuika kanemayo pa foni. Kanemayo anayenda mpaka ku Lilongwe. Ana a m'malayini a nyumba za kampani anayamba kuwakuwira kuti Malume Roboti, Jenifer n'kumati kutchuka kumayamba choncho. Loweruka likubwerali kunali chinkhoswe cha Cathy, ndipo a Bizwick, monga mwini mbumba, ndiwo ankayenera kulandira tambala wochokera kuchimuna, ndi manja awiri monga mwa mwambo. Jenifer anali ataitana kale munthu wa kamera wochokera ku Blantyre.

Koma Lolemba, atalitsitsa dzanjalo pamwamba pa kabati kuti alipukute, kagudumu kanangozungulira pachabe. Kanyongolotsi munalibe. Tsiku lomwelo anaona kamwana ka a Mackson, mlonda wa khomo loyandikana ndi la amalume, katavala kanjerwa kofiira m'khosi pa kachingwe. Dzuwa lisanalowe, chithunzi cha a Mackson chinali pa foni za anthu, pansi pake pali mawu akuti: Uyu wabera munthu wolumala.

* * *

Atachoka kwa a Hudson, Jenifer anayambira kwa akazi a amalume, a Cecilia, amene anawapeza kuseri kwa nyumba akusankha nandolo m'lichero.

"Anti, mundiuzenso. Lamulungu analowa m'nyumba muno ndani?"

"Ndakuuza kale. Ine ndinali ku tchalitchi."

"Amalume?"

"Anatsala. Akuti mutu."

"Ndiye a Mackson analowa iwo ali momwemo?"

"Iwo anatuluka, akuti kokapitidwa mphepo. Mackson anadzatenga chikwanje. Kiyi amadziwa pamene timaika, ifenso tikudziwa pawo. Zaka zonsezi sitinasowepo ndi supuni yomwe."

"Pano chasowa."

Jenifer analowa n'kutuluka nalo dzanjalo, naliika padzuwa. Analitembenuza mbali ndi mbali. Kandodo kakuda kamene kankalowa m'kanyongolotsi kanali m'malo mwake. Chala chilichonse chinali pamene iye anachisiya, malamba atamangidwa bwinobwino. Kumapeto kwa kandodoko kunali timaenje ting'onoting'ono, pamwamba ndi pansi.

"Izi n'chiyani?"

A Cecilia anangoponyako diso n'kubwerera m'lichero. "Makoswe. M'nyumba za kampani muno makoswe ali ndi nambala ya ntchito."

"Khoswe amatafuna, akatha n'kumanganso malamba?"

"Jenifer, kuthamanga si kufika. Ukanadikira chinkhoswe chidutse."

"Chidutse amalume atalandira tambala ndi chiyani? Chigongono?"

Nandolo yemwe anali atamusankha kale, a Cecilia anayambanso kumusankha.

* * *

A Mackson anali pakhomo pawo akulongedza mapoto m'thumba la feteleza. Yunifomu anali atawalanda, anangovala malaya a mpira ong'ambika paphewa. Akazi awo ataona Jenifer anakokera ana m'nyumba, n'kutseka chitseko pang'onopang'ono, popanda phokoso.

"Mosheliwa, Jenifer," anatero a Mackson. Anamulonjera m'Chilomwe monga ankachitira kuyambira ali kamtsikana ka sitandade wani.

"Sindinabwerere moni. Munagulitsa kwa ndani?"

"Ndinalowa, inde. Ndinatenga chikwanje, ndinabweza chikwanje. Khoma lathu ndi limodzi, mwana iwe. Amalume ako akatsokomola, amadzuka ndine."

"Nanga kanjerwa kali m'khosi mwa mwana wanu?"

"Anamupatsa amalume ako, ali ndi malungo, kuti asiye kulira. Uwafunse."

Jenifer anali atawafunsa kale. A Bizwick anayang'ana pansi n'kunena kuti sakukumbuka bwino.

"Munagwidwapo ndi matabwa a mkungudza ku phiri la Chambe. Aliyense akudziwa."

"Ndinagwidwa. Ndinasenzera munthu wina. Ine ndinagona m'chitokosi, mwini matabwa anagona pa matiresi. Imeneyo ndi nkhani ina." Anasonkhanitsa pakamwa pa thumba n'kukoka chingwe. "Ine ndinabadwira tsidya ilo ku Milanje, ndiye kanthu kakasowa dzina langa silichedwa kufika. Ndinazolowera. Koma kwa iwe sindinayembekezere."

"Mukangobweza, chithunzicho ndichotsa."

"Ndibweze chimene sindinachione? Akuba ndagwira ambiri, Jenifer. Sindinaonepo wakuba nkhuku akutseka khola pochoka."

Jenifer anatembenuka n'kumapita. Mawuwo anamutsatira mpaka kumsewu, koma anawakankhira pambali. Wakuba aliyense amadziwa kulankhula, anadziuza choncho. Katundu wobedwa amakathera pamsika. Akapeza wogula, wapeza umboni, ndipo tidzaona ngati a Mackson adzaponyenso miyambi.

* * *

Msika wa masiku ano uli m'manja. Pa shedi yake, pakati pa foni yogwera m'madzi ndi ina yosweka galasi, Jenifer anatsegula gulu la malonda la pa Fesibuku limene anthu a ku Mulanje, Thyolo ndi Phalombe amagulitsirana chilichonse, kuyambira mbuzi mpaka diresi limene ukwati wake unalephereka. Vuto la pamenepo n'lakuti palibe amatchula chinthu ndi dzina lake. Ogulitsa zidole amangokhuthula belo pa chitenje, kujambula mulu wonse, n'kulemba kuti zafika kumene, bwerani ku inibokosi. Kunja kwa dziko kuli misika ya pa intaneti kumene kanyongolotsi kotere kali ndi nambala yakeyake, ndipo amakagulitsa m'milumilu ngati tomato. Koma kumeneko amafuna khadi la kubanki, ndipo katundu angafike mwana wa Cathy atayamba kukwawa.

Anaika chithunzi chakale cha kachinthuko n'kufunsa ngati pali amene wakaona. Mayankho sanachedwe. Wina anati n'ka m'chigayo. Wina anati ali nako koma atumize kaye ya thiransipoti. Wina anafunsa ngati ali pabanja. Ambiri anangofunsa za mlonda uja, kuti wamangidwa kapena ayi. Mmodzi analemba kuti anthu otere mankhwala awo ndi tayala ndi petulo, ndipo pansi pake panadzaza tizala tovomereza. Jenifer anadutsapo msanga.

Anayamba kutsegula zithunzi za milu ya zidole, chimodzichimodzi, akukulitsa ndi zala ziwiri mpaka maso kuwawa. Mitu ya zidole, matayala, mfuti za madzi, timahatchi topanda michira. Lachinayi linapita choncho, makasitomala akung'ung'udza. Lachisanu m'mawa, bandulo ya intaneti itatsala pang'ono kutha, anafika pa chithunzi cha mayi wina wodzitcha Rosie Zidole Orijino. Mulu wake unali ngati ina yonse. Koma pakona pa chitenje, padera, panali kajumbo koonekera m'kati, komanga pakamwa. Anakulitsa. Kotuwa, kopotana. Anakulitsanso. Chipsera chakuda kumapeto.

Pansi pake panalembedwa kuti: Aka kali ndi mwini wake, abwere adzatenge.

Nambala ya Rosie sinkapezeka, ndipo malo sanalembe. Koma kumbuyo kwa chitenjecho, pamwamba pa madenga a msika, Chambe anaima ndi nkhope yake yonse ya mwala, mmene amaonekera ukakhala cha ku Thuchila. Jenifer anatseka shedi, foni ya kasitomala ili chitsegulire patebulo.

* * *

Rosie anali mayi wathupi, wa chipewa cha dzuwa, wokhala pakati pa mabeseni a zidole ngati nkhuku pa mazira. Ankalankhula ndi anthu awiri nthawi imodzi, wachitatu akumutsutsa mtengo.

"Kajumbo kaja? Eee, mtsikana wake ndinu? Mwafulumiratu, asisi. Bwerani kuno kumthunzi, koma musamale njovuyo, imalira ukaikhalira."

"Anakugulitsani ndani?"

"Kundigulitsa? Ine ndigule kachinthu kopanda mutu, kopanda mchira? Anandisungitsa."

Jenifer anatulutsa foni n'kuonetsa chithunzi cha a Mackson. "Ndi awa?"

Rosie anasuzumira n'kupukusa mutu. "Awa ndi a mlonda aja akuyenda pa foni. Ayi, si awa. Komatu anthu ndi oipa, asisi, kubera wolumala. Amene anawaika pa foniyo anachita bwino, tiziwadziwa."

"Anakusungitsani ndani, mayi?"

"Bambo ena aulemu wawo. Imvi pang'ono. Dzuwa lonse lija la Lamulungu, ine thukuta lili kamukamu, iwo jekete. Akuti mayi, ndamva mumaika katundu pa foni. Ndinati kwambiri, onditsatira ndi ambiri kuposa a abusa athu. Akuti aka mukaike, koma Loweruka likadutsa. Pali mtsikana amene amayang'ana pamenepo tsiku lililonse, akakaona adzabwera. Mudzamupatse, musadzamuvutitse. Anandigulira ndi chakumwa, munthu wabwino."

"Loweruka silinadutse."

"Ndiye nkhani yake imeneyo. Bandulo yanga imatha dzulo. Ndinati ndidikire Loweruka ndi chiyani, kodi tsiku limasintha kachinthu? Ndinangoikiratu." Anaseka mpaka chipewa kugwedezeka. "Musakawauze."

"Anatchula dzina?"

"Dzina ayi. Koma ndinaseka mumtima. Kajumboka anakamanga okha pompano, ndi mano, ngati mwana. Dzanja lamanja silinatuluke m'thumba la jekete, ngakhale popereka moni."

Rosie anamuika kajumboko m'manja. Pa mfundo yake panali timaenje ting'onoting'ono, pamwamba ndi pansi, tofanana ndi ta pa kandodo kakuda kaja. Munthu wa manja awiri sasolola kandodo ndi mano.

Jenifer anangokhala pansi osayang'ana pokhalapo. Pansi pake china chake chinalira mokweza.

"Asisi, mwatani? Mwaikhaliratu njovu ija."

* * *

Minibasi yobwerera inkaima pa mtengo uliwonse. Jenifer anakhala pampando wakumbuyo atafumbata kajumbo, akumva ngati aliyense m'galimotomo akuwerenga pamphumi pake. Mtsikana wa pambali pake ankaonetsa mnzake chithunzi cha a Mackson, onse awiri akutsonya.

Jenifer anawapeza a Bizwick kuseri kwa ofesi akusesa masamba, tsache atalipanira m'khwapa. Sanawalonjere. Anangotambasula chikhatho.

A Bizwick anakayang'ana kajumboko. Kenako anatsamiritsa tsache pakhoma n'kukhala pa mwala.

"Mayi uja ndinamuuza kuti Loweruka likadutsa."

"Ndi zokhazo zimene munganene, malume?" "Ndinakufunsani. Munati simukukumbuka. Munandiyang'ana ndikutukwana munthu, inu muli duu."

"Ndinali duu."

"Chifukwa chiyani? Dzanja limakupwetekani? Malamba amathina? Mukananena ndikanakonza."

"Dzanja ndi labwino, Jeni. Limagwira bwino kwambiri." Anapukuta nkhope ndi kumanzere. "Paja ndinapita kumaliro a kapitawo wathu wakale. Ndaima pamanda, achinyamata andizungulira, mafoni m'mwamba. Akuti malume, takwezani kanthu tione. Kumanda. Ku tchalitchi ana amasiya kwaya kudzapotoza kagudumu. Kale anthu ankandimvera chisoni, zinkandiwawa. Pano amandiseka mokondwa, ndipo sindidziwa poika nkhope."

"Sakukusekani. Akusirira."

"Unandifunsa usanaike kanema uja?"

Jenifer anafumbata kajumbo kaja. A Bizwick anapitiriza.

"Mawa kukubwera anthu a ku Blantyre kudzatenga mwana wa mlongo wanga. Ndikufuna adzaone mwini mbumba. Tambala ndimulandire ndi zimene makina anandisiyira, akathawa athawe, tiseke tonse. Osati ndiime pamenepo wofiira, wachikasu, kamera ili pamphuno, anthu aiwale kuti tsikulo ndi la Cathy."

"Mukanangonena."

"Kwa iwe? Ndinkakuona ukuyenda wapansi kuchokera ku Chitakale kuti ya minibasi ugulire tinjerwa. Munthu wakupangira dzanja, umayamba ndi mawu ati pomuuza kuti ukuchita nalo manyazi? Kutaya sindikanatha, ndikudziwa mmene unakasakira. Ndinati ndikasungitse kumene udzakapeze wekha."

"Nanga a Mackson?"

Apa a Bizwick anaweramitsa mutu mpaka chibwano kugunda pachifuwa.

"Ndinati nkhani ya m'nyumba ithera m'nyumba. Pomwe ndimamva, nkhope yake ili kale pa foni. Ndinafika pakhonde la a Hudson, ndinabwerera pa masitepe. Mawa lake chimodzimodzi. Ndimamumva kuseri kwa khoma akupemphera ndi ana ake. Amanditchulanso ine, kuti Mulungu andibwezere dzanja langa."

Jenifer ankafuna kuwakalipira. Mawu anali okonzeka, akuthwa, koma lililonse limene ankalisankha linkayamba kumubaya iyeyo. Amalume anabisa kachinthu. Amene analemba kuti wakuba, n'kuika nkhope ya munthu pamsika, anali iye.

Kumunsi, cha ku malayini, thirakitala inalira.

* * *

Jenifer anafika akuthamanga, a Bizwick ali wefuwefu pambuyo. Ngolo inali itadzaza theka: matiresi, thumba la mapoto, mpando umodzi, nkhuku zomanga miyendo. Anthu a m'malayini anaima m'makonde mwawo atapinda manja. A Hudson anali pamthunzi akuloza ndi ndodo.

"Imani kaye," anatero Jenifer. Mawuwo anatuluka aang'ono, osakhala ake. Woyendetsa sanamve n'komwe.

Amene anazimitsa thirakitala ndi a Bizwick. Anakaima kutsogolo kwake, anatulutsa dzanja lamanja m'thumba la jekete n'kulikweza m'mwamba lili lomwelo, chala chimodzi ndi zipsera. Ambiri m'malayinimo anali asanalionepo. Injini inakhala chete.

"A Hudson, wakuba ndine. Ndinadzibera ndekha. Mackson sanakhudze kanthu, ndipo ine ndimadziwa kuyambira tsiku loyamba."

Jenifer anaonetsa kajumbo. Anafotokoza za chithunzi, za Rosie wa ku Thuchila, za mano pa kandodo, maso ali pa jombo za a Hudson. A Hudson anatenga kanyongolotsi, anakayang'anira kudzuwa, n'kukabweza ngati kotentha.

"Banja lonseli panja chifukwa cha aka?" Anapukusa mutu. "Tsitsani katundu. Mackson, yunifomu ukatenge mawa, abwana ndikawauza ndine. Koma za pa foni ine sindifikako. Kumeneko kulibe mkulu wa alonda."

Amuna awiri anagwira matiresi.

"Musatsitse kaye," anatero a Mackson.

Anali atakhala pamwamba pa thumba la mapoto, mwana wa kanjerwa kofiira ali pamiyendo. Anayang'ana a Bizwick, amene dzanja lawo linali likadali panja.

"Bizwick, ine ndi iwe tikambirana. Khoma silinasamuke." Kenako anatembenukira kwa Jenifer.

"Bambo Mackson, ndakulakwirani," anatero Jenifer. "Chithunzicho ndichotsa pompano."

"Mukachotsa mwakachetechete, anthu adzati ndakunyengererani. Mwana wanga wamkulu wasiya kupita kusukulu, akumuitana mwana wa mbava. Ku Milanje achimwene anga aona. Uja analemba za tayala ndi petulo sindikumudziwa nkhope, koma iye yanga akuidziwa." Anatsitsa mwana, natsika pa ngolo mosafulumira, n'kutambasula dzanja. "Bweretsani foniyo."

Munthu ameneyu anamunyamulapo pa njinga kupita naye kuchipatala ali mwana, ndipo lero ankamulankhula mwaulemu ngati mlendo. Mbama ikanakhala bwino. Jenifer anapereka foni.

"Amajambulira pati?"

Jenifer anawaonetsa kabatani kofiira.

Akazi a a Mackson anatuluka pagulu n'kuchotsa beseni limene linali pakati, kuti pasakhale chotchinga. Anthu anatsika m'makonde n'kusendera pafupi. Ana anakhala pansi kutsogolo ngati pa sewero. Jenifer anaima pakati pa bwalo, dzuwa lili kumaso, osadziwa poika manja. Anakumbukira amalume atanyamula kapu ya tiyi, akumwetulira chifukwa iye anawauza kuti amwetulire.

A Mackson anakweza foni ndi manja awiri, mosamala, monga munthu amanyamulira mbale ya eni.

"Musayang'ane pansi, anthu sakuonani bwino," anatero. "Muyambe ndi dzina lanu."